Kasinja ndamanga koma nzeru za diorama zandithera, ndiyambire pati?

Uthenga wa sabata ino wachokera kwa m'bale wina wa ku Matawale konkuno ku Zomba, wokhudza tiakasinja ta pulasitiki tomanga wekha ndi diorama, kutanthauza kamalo kakang'ono koumba pa thabwa koonetsa kasinjayo ali pamalo pake ngati zenizeni. Ndaufupikitsa pang'ono koma mawu ndi ake:

"Akulu, achimwene anga ali ku Joni ananditumizira mabokosi awiri a akasinja omanga wekha, sikelo ya 1/35, wina Sherman wina T-34/85. Sherman uja ndinamaliza kumata ndi kupenta, wangokhala pa shelefu miyezi itatu tsopano. Ndimafuna ndimupangire diorama ngati zomwe ndimaona pa Facebook koma ndikati ndiyambe mutu umangoima, zonse ndimaona ndi za chipale ndi nyumba za ku Ulaya, ndiye kuno kulibenso shopu ya zipangizo zake. Anzanu nzeru mumazitenga kuti? Kapena ndingozisiya?"

Achimwene, musasiye ayi. Zomwe zakuchitikiranizi zimamugwira pafupifupi aliyense amene wamaliza kasinja wake woyamba, chifukwa pomanga munali ndi pepala lokuuzani kuti chidutswa ichi chimatidwe apa, ichi apo, koma pa diorama palibe pepala, mwatsala inu ndi thabwa lopanda kanthu. Nde mutu kuima si chizindikiro choti mulibe luso. Ineyo ndakhala ndikupanga zimenezi zaka zambiri ndithu ndipo mpaka pano kasinja amatha kukhala mwezi pa tebulo ndisanadziwe kuti ndimuika pati.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi funso lomwe amadzifunsa. Amafunsa kuti "kasinjayu ndimuzungulize ndi chani?" ndiye amayamba kuunjika mitengo, migolo, mabokosi, asilikali teni aliyense kuloza mfuti kwake, mapeto ake woonera sadziwa poyang'ana. Funso lothandiza ndi lakuti, pa mphindi imeneyi pakuchitika chani? Ngati simungathe kuyankha ndi chiganizo chimodzi, musadule kaye thabwa. "Kasinja watitimira m'matope, anyamata akuyesa kumuzula ndi mitengo." "Tcheni chaduka, makaniko wagona pansi, mnzake akumupatsira sipanala." "Aima pa mthunzi akuphika tiyi." "Nkhondo inatha kalekale, kasinja wachita dzimbiri m'mphepete mwa munda, ana akusewera pa mzinga wake." Chilichonse mwa zimenezi chikukuuzani kale kuti pakufunika anthu angati, dothi lotani, nyengo yanji, ndi zomwe sizikufunika.

Ndipo muona kuti sindinatchulepo kuwomberana. Utsi, moto ndi kuphulika ndi zovuta kwambiri kuti zioneke zenizeni, thonje lopentedwa limaoneka thonje basi, komanso moyo wa anthu a mu kasinja nthawi yambiri unali wodikira, kukonza, kuthira mafuta, kuchapa ndi kudya. Zithunzi zakale mukaziyang'ana bwino zambiri ndi zimenezo.

Tsopano nzeru zimachokera kuti. Ine gwero langa loyamba ndi zithunzi zenizeni za nthawiyo, osati ma diorama a anthu ena. Mukamaonera ntchito za akatswiri pa Facebook mumangotengako mantha, koma mukaona chithunzi cha 1944 mumatengako nkhani. Imperial War Museum ya ku London inaika zithunzi zambirimbiri pa intaneti, zoona ulere, ndipo zambiri zili ndi mawu ofotokoza malo ndi tsiku. Pa Wikimedia Commons pali zithunzi za ku Bundesarchiv ya ku Germany, pa YouTube pali mafilimu akale a British Pathé komanso ma vidiyo a The Tank Museum ya ku Bovington komwe amazungulira kasinja mmodzimmodzi kufotokoza. Bandulo ikakhala yochepa musavutike ndi ma vidiyo, koperani zithunzi zisanu mu foni muziziyang'ana modekha. Musayang'ane kasinja yekha, yang'anani zomwe amumangirira kumbuyo, zidebe, mabulangete, matenti opindidwa, kaimidwe ka anthu, pamene matope amatirira ndi pamene sanafike.

Sherman wanuyo ali ndi malo ambiri omwe mungamuike chifukwa anapangidwa oposa 49,000 ndipo anafika pafupifupi kulikonse. Anayamba kumenya nkhondo ku El Alamein ku Egypt mu October 1942, kumeneko ndi mchenga ndi miyala, diorama yosavuta kwa woyamba. Ku Italy ndi mapiri, misewu yopapatiza ndi makoma a miyala. Ku Normandy, ku France, mu 1944 minda inali yotchingidwa ndi milambala yaitali ya dothi yomera zitsamba zothithikana pamwamba, akasinja amalephera kudutsa mpaka asilikali a America anayamba kuwotcherera zitsulo zosongoka kutsogolo kwa Sherman kuti azibowola nazo, ndipo kamphindi komwe wowotcherera ali pa ntchito ndi nkhani yokwana diorama payokha. Za chipale zomwe mwatopa nazozo zambiri ndi za ku Ardennes, ku Belgium, mu December 1944. Zimenezo zisiyeni kaye, osati chifukwa ndi zoipa koma chifukwa chipale ambirife sitinachigwirepo, pomwe matope a February timawadziwa ndi mapazi athu.

Apa ndiye pali mtima wa yankho langa. Inuyo mukukhala ku Zomba, tauni yomwe mbiri ya usilikali ili pakhomo penipeni. Mukamalowa kuchokera ku Blantyre mumadutsa chipilala chija cha njerwa chokhala ndi wotchi, chokumbukira asilikali a King's African Rifles (KAR), pafupi ndi Cobbe Barracks. Gulu limeneli linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno ku Nyasaland. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse azigogo athu anapita ku Abyssinia, yomwe pano ndi Ethiopia, kukamenyana ndi Mataliyana mu 1940 ndi 1941, anapita ku Madagascar mu 1942, kenako ku Burma, yomwe pano ndi Myanmar, mu 1944 ndi 11th East African Division komwe anatsika chigwa cha Kabaw mvula ili pakati mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Ma diorama a ku Normandy padziko pano alipo osawerengeka, koma oonetsa msilikali wa ku Nyasaland ndi ochepa kwambiri, ndipo munthu woyenera kuwapanga ndi ngati inuyo.

Koma apa muchenjere, chifukwa chikondi cha kwathu chisatinamizitse mbiri. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija akuluakulu ankaitcha ya chiwaya, yomwe inafika ku Karonga mu September 1914, inalibe akasinja kuno. Kasinja anayamba kugwiritsidwa ntchito pa 15 September 1916 ku Somme, ku France, ndipo kuno nkhondo inali ya mapazi ndi amtengatenga osenza katundu pamutu. Nde musaike Sherman ku Karonga. Ku Abyssinia ndi ku Eritrea Mataliyana anali ndi tiakasinja tating'ono ta anthu awiri totchedwa L3, mbali ya Britain kunali magalimoto achitsulo a Marmon-Herrington opangidwa ku South Africa, ndi akasinja ochepa a Matilda ku Keren. Ku Madagascar a Britain anatsitsa akasinja a Valentine ndi Tetrarch pa Diego Suarez mu May 1942. Ku Burma kunali ma Stuart, ma Lee ndi Grant, kenako ma Sherman omwe anathamangira ku Meiktila kumayambiriro a 1945. Ma Sherman a ku Burma anali a mtundu wa M4A4, thupi lake lalitaliko pang'ono chifukwa cha injini ya Chrysler yomwe inali ma injini asanu a galimoto olumikizidwa pamodzi, nde onani pa bokosi lanu kuti wanuyo ndi mtundu uti. Anthu athu ku Kabaw ulendo wawo unali wa pansi, m'nkhalango ndi m'matope, chakudya chikuponyedwa kuchokera mu ndege. Mukafuna kuwaimika pambali pa kasinja, pezani kaye chithunzi kapena cholembedwa chotsimikiza kuti zinachitikadi pamalo amenewo. Chikapanda kupezeka, apangireni diorama yawoyawo yopanda kasinja, sikuti ichepa mphamvu.

T-34/85 ali m'bokosiyo ndi amene ine akundipatsa chidwi kwambiri. Ambiri amangomuika ku Berlin 1945, koma kasinja ameneyu anakhala moyo wautali kuno ku Africa, anagwira ntchito ku Angola komanso ku Mozambique kwa aneba athuwa. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno kwathu. Taganizani T-34 wosiyidwa, penti itasuwa ndi dzuwa, dzimbiri likutsika m'mbali ngati misozi, tcheni chimodzi chitagwa pansi udzu utamera m'mipata yake, mbuzi itakwera pamwamba, mayi atasenza mtolo wa nkhuni akudutsa osacheuka n'komwe chifukwa amadutsapo tsiku ndi tsiku. Dothi lake ndi katondo yemweyu, udzu wake ndi tsekera yemweyu, mango ndi nthochi zomwezi. Palibe chomwe mungafune kuitanitsa kunja. Komanso kwa woyamba ili ndi ubwino wina, pamene mwalakwitsa kumata mutha kubisapo ndi chitsamba kapena dzimbiri. Chokhacho, nkhondo imeneyi ndi ya dzulodzuloli, alipo anthu pakati pathu amene anataya abale awo kapena anabadwira mu msasa wa othawa, nde mitembo ndi magazi ine sindiika, ndipo ndikukupemphani inunso musaike.

Gwero lachiwiri ndi maso anu mukamayenda. Nthawi ya dzinja pitani msewu uliwonse wa dothi wolowera kumudzi mukaone lole ya mchenga itatitimira. Onani mmene matayala akumbira, mmene madzi adikhira m'mikwasa, mtundu wa matope atsopano ndi omwe ayamba kuuma, anthu aima bwanji, ndani akukankha ndani akungolamula, nthambi ndi miyala aziponya pati. Jambulani ndi foni mutapempha. Kenako pitani komwe akukonza msewu mukaone katapila kapena chofukula chija choyenda pa matcheni, chifukwa chimenecho ndiye m'bale wake weniweni wa kasinja. Muona kuti mano a tcheni pomwe amagunda pansi amawala ngati siliva, pomwe m'mipata muli dothi louma, mafuta amadontha pomwe pali zotsekera, penti imachoka pomwe anthu amaponda pokwera osati paliponse. Muonanso kuti chinthu cholemera chimalowa m'dothi. Sherman amalemera matani pafupifupi 30, sangayandame pamwamba pa udzu ngati mbalame, nde pomwe dothi lanu lili lofewa mudindemo matcheni mutayala kapulasitiki kopyapyala pakati kuti asamatirire. Cholakwika chimenechi ndi chomwe ndimachiona kwambiri pa ntchito za oyamba.

Za shopu musadandaule nazo. Tonsefe tinakula tikuumba ng'ombe zadongo ndi kupinda magalimoto a mawaya, luso lake ndi lomwelo, kungoonjezerapo masamu a sikelo. Pa 1/35 chilichonse chimachepa ka 35, nde mita imodzi ndi masentimita 2.9 kapena pafupi pamenepo. Munthu wamkulu ndi masentimita 5, chitseko cha mamita awiri ndi 5.7, diramu ya malita 200 ndi 2.5. Mtengo wa mango wa mamita 10 ukhala masentimita 29, kutalika kuposa kasinja yemwe n'kumuphimba, nde sankhani kamtengo kakang'ono kapena muonetse tsinde lokha pakona. Ndipo kamchenga ka milimita imodzi pa sikeloyi ndi mwala wa masentimita atatu ndi theka, n'chifukwa chake mchenga wa ku Likangala mukangowaza osasefa diorama imaoneka ngati pa kwale. Sefani ndi sefa ya tiyi yakale, wotsala pamwambawo ukhale miyala, wodutsawo ukhale dothi. Dulani kamunthu ka pepala ka masentimita 5 muzikayenda nako m'thumba, chilichonse mwatola muziyeza pambali pake.

Thabwa la pansi lisapitirire kukula kwa pepala la A4 pa kasinja mmodzi, malo akachuluka mumayamba kudzazamo zosafunika. Kalipentala aliyense wa pa Mpondabwino kapena Chinamwali akhoza kukudulirani ndi kukupatsani utuchi. Lipakeni vanishi mbali zonse musanaikepo chonyowa apo ayi lipindika. Kasinja musamuike molunjika ndi m'mphepete mwa thabwa, mupendeketseni pang'ono, ndipo pansi pasakhale fulati, olo kamtunda ka sentimita imodzi kamasintha zonse. Mitunda imeneyi muumbe ndi zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a TV ndi mafiriji, pamwamba mumatepo phala la dothi losefa, guluu woyera wa matabwa ndi madzi pang'ono. Udzu wautali ndi chingwe cha khonje chomasula, kudula timitolo, kubzala ndi guluu, kenako kupenta. Mitengo yabwino kwambiri ndi mizu youma ya zitsamba mutaitembenuza, masamba ake masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito mutawaumitsa. Tenti kapena bulangete ndi tishu yonyowetsa mu guluu wosungunula ndi madzi, muyale pa katundu wa kumbuyo, ikauma imagwira makwinya okongola zedi. Malata ndi foyilo wokhuthala mutamudinda pa timawaya toyalidwa mondondozana. Fumbi la pa kasinja ndi choko wa mitundu kapena dothi lomwelo la pansi mutalipera, kuti kasinja ndi malo ake zikhale za mtundu umodzi, ndipo kuwala kwa chitsulo pa matcheni ndi pensulo wamba.

Pali zinthu ziwiri zomwe zinandiwonongera ntchito ine, ndipo sindikufuna zikuoneni. Choyamba ndi chinyezi cha kuno pansi pa phiri. Diorama ina ndinaikamo ndere zomwe ndinatola pa miyala ku Chawe ndi dothi la m'dimba osaumitsa, ndinagwira ntchito milungu isanu ndi umodzi, itafika nyengo ya mvula yonse inachita chuku choyera ndipo m'dothimo munatuluka tizilombo, zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa inali mphatso ya munthu. Kuyambira pamenepo dothi ndimalikazinga kaye mu chiwaya chakale pa mbaula mpaka liume gwa, mizu ndi ndere ndimaziyanika masiku angapo pa dzuwa n'kuzinyika mu guluu wosungunula. Chachiwiri, penti yopopera ya m'chitini ndi supagulu zimasungunula zoyera za m'makatoni zija, zimadya ngati moto. Zikuteni kaye ndi phala la dothi paliponse, liume masiku awiri, ndiye muzipenta.

Anthu ake ndiye povuta pang'ono, ndisakunamizeni. Mabokosi a tiasilikali ta 1/35 ambiri ndi a Azungu a ku Germany, America, Britain ndi Russia, ndipo anthu wamba a kuno simuwapeza mophweka. Achimwene anu akamadzatumizanso muwauze akugulireni bokosi limodzi la anthu a mu kasinja omwe akupuma kapena kukonza, osati owombera. Ena mutha kuwasintha, kudula mkono n'kuumata mwina, kupala chipewa, kuveka chitenje cha tishu, phala lomatira la mitundu iwiri lija la m'mahadiweya limaumbika bwino pa mtolo, dengu kapena mbuzi. Khungu lakuda musapente ndi penti yakuda, yambani ndi yofiirira yoderako, pamphumi, pamphuno ndi m'masaya muwalitse ndi yofiirira yowala, apo ayi nkhope imasowa. Ndipo diorama ya kasinja wosiyidwa ija imatheka olo popanda munthu, nkhuku ziwiri ndi kanjira ka mapazi kodutsa pambali zanena kale kuti pano pali mudzi.

Pofuna thandizo loposa langa, muli pabwino chifukwa National Archives of Malawi ili konkuno ku Zomba, ndipo laibulale ya University of Malawi ilinso pompano. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House komwe amasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Pitani ndi funso lolunjika, monga yunifolomu ya KAR ku Burma inali yotani, osati kungoti ndikufuna za nkhondo. Funsaninso kwanu, mabanja ambiri m'boma lino ali ndi chithunzi cha agogo atavala kaki, mendulo mu sutikesi, kapena nkhani yomwe ankakamba madzulo, ndipo nkhani imodzi yotero imaposa zithunzi handiredi za pa intaneti. Mwambo wokumbukira asilikali wa mu November ndi nthawi yabwino yoona ndi kumvetsera mwaulemu. Koma chonde musakajambule ku balakisi, pa geti kapena magalimoto a asilikali popanda chilolezo, zimenezo zikhoza kukuikani m'mavuto aakulu ndipo kufotokoza kuti ndi za diorama sikungakuthandizeni pamenepo.

Za thupi lanunso. Guluu wa pulasitiki, thina ndi penti yopopera muzigwiritsa ntchito pakhonde kapena mawindo ali otsegula, kutali ndi mbaula ndi kandulo makamaka magetsi akazima. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire tulukani panja. Supagulu akagwira zala musakoke, nyikani m'madzi ofunda a sopo zisiyana pang'onopang'ono, koma akalowa m'diso tsukani ndi madzi ambiri osalikakamiza kutseguka ndipo thamangani kuchipatala. Chimodzimodzi mukadzicheka kwambiri ndi kampeni magazi osasiya. Tizidutswa ndi tating'ono, ana aang'ono amaika mkamwa, nde sungani pamwamba.

Ikatha, pitani kwa odula magalasi akupangireni kabokosi kovindikira, chifukwa fumbi la October ndi mphemvu sizichedwa, ndipo musaiike pa windo pomwe dzuwa limawomba, penti imasuwa pulasitiki n'kupindika. Kwa sabata ino ntchito yanu ndi yochepa: tsitsani Sherman pa shelefu, muikeni pa pepala la A4, lembani chiganizo chimodzi chija pansi pake, ndiye muzisuntha mabokosi a machesi ndi timiyala mozungulira mpaka muone kuti zakhala. Mukatero jambulani foni mutaigoneka pa tebulo, pa msinkhu wa kamunthu ka pepala kaja, munditumizire tione limodzi musanatsegule guluu.